Kodi nyimbo zamakono za magulu ang'onoang'ono a zoimbira tizimvera bwanji?

Nachisale analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndakhala ndikuphunzitsa kwaya ya kumpingo kwathu kwa zaka zoposa khumi, ndipo manotsi a solofa ndimawawerenga bwino, pamene a sitafu, olembedwa pa mizere isanu, ndikuwaphunzira pang'onopang'ono. Mwezi wathawu mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira ku Manchester, ananditumizira pa WhatsApp nyimbo ya Olivier Messiaen yotchedwa Quatuor pour la fin du temps, kutanthauza nyimbo ya anthu anayi ya kutha kwa nthawi, yoimbidwa ndi anthu anayi okha, wa vayolini, wa kilarineti, wa chelo ndi wa piyano, ndipo anandipempha kuti ndiimvere yonse osadumpha. Ndaimvera katatu. Pali malo ena amene anandigwira mtima kwambiri, makamaka pamene chelo ikuimba mwapang'onopang'ono piyano ikuiperekeza, koma m'chigawo choyamba ndinasowa pogwira, chifukwa ndinayesa kuomba m'manja motsatira kugunda kwake ndipo sindinakupeze, ndinayesanso kung'ung'udza chuni chake koma chinandithawa.

Mafunso anga ndi awa. Kodi anthu anayiwa amayendera limodzi bwanji popanda wowatsogolera woima kutsogolo, pamene aliyense akuoneka ngati ali pa njira yakeyake? Nanga n'chifukwa chiyani opeka nyimbo a masiku ano amakonda timagulu ta anthu atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi m'malo mwa okesitira yonse? Ndikufunsa chonchi chifukwa pakati pa achinyamata athu pali mtsikana woimba chitoliro, anyamata awiri amene akuphunzira vayolini ndi wina wa kiyibodi, ndipo ndimalakalaka atakhala ndi nyimbo yawoyawo m'malo mongoperekeza kwaya Lamulungu lililonse.

Gama analemba:

Mayi Nachisale, mwayambira pa nyimbo yabwino, ndipo kusowa pogwira kumene mukunenako sikukusonyeza kuti khutu lanu lalephera, popeza wopekayo anachita dala kuti zikhale choncho. Messiaen anali msilikali wa dziko la France pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo atagwidwa ndi asilikali a Germany m'chaka cha 1940 anamutsekera mu kampu ya akaidi a nkhondo yotchedwa Stalag VIII-A ku Görlitz. Kumeneko anali pamodzi ndi akaidi anzake atatu odziwa kuimba, Henri Akoka wa kilarineti, Jean le Boulaire wa vayolini ndi Étienne Pasquier wa chelo, ndipo iye mwini anali wa piyano. Zida zinayi zimenezi sizinkaimbidwa kawirikawiri pamodzi, koma ndi zimene zinalipo, choncho analembera anthu amene anali nawo. Nyimboyi inaimbidwa koyamba pa 15 January 1941, m'nyengo yozizira koopsa, pamaso pa akaidi mazana angapo ndi owalondera. Messiaen ankakonda kusimba kuti chelo ya tsikulo inali ndi nsambo zitatu zokha, koma Pasquier, mwini wake woimbayo, ananenetsa pambuyo pake kuti zinali zonse zinayi, ndipo ine ndimakhulupirira woimbayo.

Tsopano za chigawo choyamba chimene chinakuzunguzanicho. Wa piyano ali ndi mndandanda wa makodi 29 (manotsi angapo olizidwa nthawi imodzi) umene amaubwereza, komanso ali ndi mndandanda wina wa kutalika kwa manotsi wokhala ndi magawo 17 umene amaubwerezanso. Popeza 29 ndi 17 sizigawikana, mindandanda iwiriyi ikayambira pamodzi imasiyana posakhalitsa, makodiwo akabweranso amagwera pa kutalika kwina, ndipo kuti ziwirizi zikumanenso monga zinayambira pangafunike makodi 493, pamene chigawocho chimatha kutali zisanafike pamenepo. Wa chelo naye akuzungulira pa manotsi asanu okha, m'mwamba kwambiri, ndi mndandanda wakewake wa kutalika. Pamwamba pa zonsezi kilarineti ndi vayolini zikutsanzira mbalame za m'mamawa, ndipo mbalame siziwerenga mabiti. Messiaen anali Mkatolika wodzipereka, ndipo mutu wa nyimboyi anautenga pa Chivumbulutso chaputala 10, pamene mngelo akulumbira kuti nthawi sidzakhalaponso. Iye anafuna kuti womvera amve kachidutswa chabe ka chinthu chimene chinayamba kalekale ndipo sichidzatha, n'chifukwa chake manja anu anasowa pogwera. Mukamamveranso, musasake kugunda kumodzi kwa onse. Sankhani chida chimodzi, muchitsate kwa mphindi imodzi, kenaka mubwerezenso mukutsata china.

Za kuyendera limodzi popanda wotsogolera, yankho ndi lakuti amamverana ndi kuyang'anana, ndipo amakhala atayeserera kwa maola ambiri mpaka aliyense atadziwa mbali ya mnzake pafupifupi ngati yake. Mukaonera kanema wake, yang'anitsitsani mmene wa vayolini amakokera mpweya ndi kukweza phewa asanayambe, ngakhale kuti chida chake sichifuna mpweya; kupumako ndi chizindikiro kwa anzake. Umboni waukulu uli m'chigawo chachisanu ndi chimodzi, mmene onse anayi amaimba chuni chimodzimodzi mothamanga, ndi mabiti osalingana kutalika, kotero kuti mmodzi akachedwa ngakhale pang'ono aliyense m'chipindamo amamva. Muonenso kuti mwa zigawo zisanu ndi zitatu za nyimboyi, ndi zinayi zokha zimene onse anayi amaimbira pamodzi. Chachitatu ndi cha kilarineti yekha, chachinayi chilibe piyano, chachisanu ndi cha chelo ndi piyano, chimene chinakukhudzanicho, ndipo chomaliza ndi cha vayolini ndi piyano. Wopeka wanzeru sagwiritsa ntchito anthu ake onse nthawi zonse, ndipo phunziro limeneli lidzakuthandizani pa achinyamata anuwo.

Funso lachiwiri ndiliyankha mwachidule. Okesitira imafuna anthu makumi asanu ndi awiri kapena kuposa, holo yaikulu ndi ndalama zambiri, ndipo nthawi yoyeserera nyimbo yatsopano imakhala yochepa, pamene anthu anayi angathe kukhala ndi wopekayo m'chipinda kwa masabata, akuyesa ndi kusintha. Komanso pa kagulu kakang'ono mbali iliyonse ili ndi munthu mmodzi yekha, motero wopeka angathe kupempha zinthu zing'onozing'ono zovuta zimene anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi oimba mbali imodzi sangazichite mofanana.

Mbewe wa ku Angónia analemba:

Mayi, a Gama afotokoza bwino, ndipo ine ndingowonjezera chinthu chimodzi chochokera kwathu kuno ku chigawo cha Tete, chifukwa ndikuona kuti khutu limene nyimbozi zimafuna inu muli nalo kale. Anzathu Anyungwe a m'mbali mwa Zambezi ali ndi gule wotchedwa nyanga. Amuna amaima mozungulira, aliyense ali ndi timatoliro tabango tomangidwa pamodzi, tiwiri, titatu kapena tinayi, ndipo palibe mmodzi amene ali ndi manotsi okwanira kuimba nyimbo yonse. Munthu amaliza katoliro kake, kenaka amatulutsa liwu ndi pakhosi, n'kulizanso, ndipo manotsi ake amalowa m'mipata imene anzake asiya, uku miyendo ikuponda masitepe ena ndi maseche omangidwa m'miyendomo. Mukaima pafupi ndi munthu mmodzi mumamva tizidutswa tokhatokha, koma mukabwerera m'mbuyo pang'ono nyimbo yathunthu imatulukira, nyimbo imene palibe aliyense payekha akuiimba.

Andrew Tracey, wofufuza za nyimbo za mu Africa, anajambula ndi kulemba m'manotsi gule ameneyu, ndipo anafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 1971. Kevin Volans, wopeka nyimbo wobadwira ku Pietermaritzburg m'chaka cha 1949, amene anaphunzira kwa Karlheinz Stockhausen ku Cologne, anagwiritsa ntchito zolemba za Tracey popeka White Man Sleeps, kutanthauza kuti mzungu akugona. Poyamba, mu 1982, anailembera zida ziwiri za makiyi zotchedwa harpsichord, zimene anazichuna motsata kachunidwe ka kuno, pamodzi ndi viola da gamba (chida chakale chonga chelo) ndi zogunda, ndipo mu 1986 anaikonzanso kuti iimbidwe ndi mavayolini awiri, viyola ndi chelo a gulu la Kronos Quartet la ku America. Nyimboyi ili ndi magule asanu, ndipo awiri mwa iwo anachokera ku nyanga. Ena anatengera zoimba za Abasotho ndi uta woimbira wa anthu a mtundu wa San. Ngakhale dzina lakelo ndi la ku nyanga: pali mphindi imene amuna amaleka kuliza matoliro n'kumavina ndi maseche okha, ndipo ankati akutero kuti mzungu agone.

Ndikukupemphani kuti muimvere mu chimbale cha Kronos cha 1992 chotchedwa Pieces of Africa, mmene mulinso nyimbo za Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe, Justinian Tamusuza wa ku Uganda, Hamza El Din wa ku Nubia ndi ena. Mudzamva vayolini woyamba akupereka noti imodzi, wachiwiri n'kuponya yake pampata, viyola n'kutseka, ndipo mudzazindikira kuti ndi momwe mbalule ndi mpanje zimayankhirana pabwalo. Munthu amene anakulira pafupi ndi ng'oma sadabwa kumva zinthu zitatu zosiyana zikuyenda nthawi imodzi. Chimene chimatisokoneza n'chakuti kutchalitchi tinazolowera kuti soprano ndiye mwini nyimbo, ena onse n'kumamutsatira m'mapazi.

Kwenda analemba:

A Mbewe, zimene mwanena za nyanga ndi zoona ndipo ndasangalala kuziwerenga m'chinenero chathu, koma ndili ndi mfundo ziwiri zimene ndikusiyana nanu pang'ono.

Yoyamba ndi yakuti tisawapatse mayiwa chithunzi chakuti nyimbo zonse zamakono za timagulu totere zimamveka ndi khutu la ng'oma. Pa ng'oma zathu, ngakhale mbali zikhale zosiyana chotani, pansi pake pamakhala kugunda kumodzi kumene wovina amaponderapo, ndipo Messiaen m'chigawo chija anachotsa dala chinthu chimenechi. Mukatenga kwateti yachiwiri ya György Ligeti ya 1968, nyimbo ya zida zinayi za nsambo, m'chigawo chachitatu oimba onse anayi amakodola nsambo ndi zala m'malo mokwecha ndi uta, ndipo amayamba pamodzi kenaka aliyense n'kumathamanga pa liwiro lake ngati mawotchi anayi amene akusokonekera. Pamenepo chofunika kumvera ndi mmene dongosolo likugumukira. Black Angels ya George Crumb ya 1970, yolembedwa m'nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, imafuna kuti zida zikuzidwe mawu ndi magetsi, oimba azifuula manambala m'zinenero zosiyanasiyana ndi kukwecha uta pamilomo ya matambula agalasi okhala ndi madzi, ndipo chiyambi chake chimabaya m'makutu mwadala. Nyimbo imeneyi ndi imene David Harrington anaimva pa wailesi mu 1973 n'kuganiza zoyambitsa Kronos. Zoterezi zimafuna kuti womvera avomere kuti mtundu wa liwu lenilenilo, kukalipa kwake kapena kufewa kwake, ungathe kukhala nkhani ya nyimbo mmene chuni chimakhalira nkhani mu nyimbo ya kwaya.

Yachiwiri imandipweteka mtima kwambiri. N'zoona kuti opeka ambiri otchuka anatunga ku Africa. Steve Reich anawerenga buku la A. M. Jones, wansembe amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Zambia dzikolo likutchedwa Northern Rhodesia n'kulemba m'manotsi kaimbidwe ka ng'oma, ndipo mu 1970 Reich anapita ku Ghana kukaphunzira ng'oma za Aewe. Ligeti naye m'zaka za m'ma 1980 anaphunzira zambiri kuchokera ku zojambula za Simha Arom za ku Central African Republic ndi zolemba za Gerhard Kubik, yemwe uja anagwira ntchito nthawi yaitali ndi banja la a Kachamba ku Chileka. Volans sanabise kumene anatenga, anatchula Makina Chirenje ndi gulu lake la nyanga, ndipo pamenepa ndimamulemekeza. Komabe funsani anthu zana amene amakonda White Man Sleeps kuti Makina Chirenje ndi ndani, muone angati angayankhe. Dzina limene limakhala pamwamba pa pepala ndi la amene analemba manotsi, ndipo malipiro amatsata dzina limenelo. Ndi chifukwa chake chokhumba cha mayi Nachisale choti achinyamata awo akhale ndi nyimbo yawoyawo ndicho chachikulu kwa ine kuposa mafunso onse: ngati ife eni ake sitilemba, ena adzapitiriza kulemba za ife.

Nachisale analemba:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Usiku wathawu ndinachita monga a Gama anandilangizira, ndinatsata piyano yokha m'chigawo choyamba, ndipo ndinayamba kumva makodi akubwerera ngakhale kuti amabwera atavala kutalika kwina. White Man Sleeps ndinaimva msanga, monga a Mbewe ananenera, mpaka mwana wanga wamng'ono anayamba kuvina pakhonde. A Kwenda, mawu anu ndawasunga, koma pamene ndaima ndi apa: ine sindinapekepo nyimbo ya zida, ndimangodziwa kugawa mawu anayi a kwaya, ndipo ndikuopa kuti ndikangopatsa chitoliro mbali ya soprano, mavayolini alto ndi tena, kiyibodi besi, ndidzakhala ndalemba nyimbo ya kwaya yopanda mawu. Kodi ndiyambire pati, ndipo kagulu ka chitoliro, mavayolini awiri ndi kiyibodi n'kololedwa m'mwambo umenewu?

Gama analemba:

Mayi, kaguluko n'kololedwa ndithu, ndipo timagulu tambiri timene lero timaoneka ngati tachikhalire tinayamba chifukwa wina analembera anthu amene anali nawo. Arnold Schoenberg mu 1912 analemba Pierrot lunaire ya mayi wolankhula moimba ndi oimba zida asanu, wa chitoliro, wa kilarineti, wa vayolini, wa chelo ndi wa piyano, ndipo m'zigawo zake 21 ankasinthasintha kuti ndani aimbe ndi ndani. Kasakanizidwe kameneka kanakondedwa kotero kuti kuyambira mu 1967 Peter Maxwell Davies ndi Harrison Birtwistle ankatsogolera gulu ku London lokhala ndi zida zomwezo kuwonjezapo zogunda, ndipo lero nyimbo mazanamazana zalembedwera kagulu kotere, kuphatikizapo Double Sextet ya Reich imene inapata mphoto ya Pulitzer mu 2009. Inu muli ndi zitatu mwa zida zisanu zija, ndipo chimene mulibe ndi liwu lakuya lokoka nthawi yaitali, motero dzanja lamanzere la wa kiyibodi lidzakhala ndi ntchito yaikulu.

Mantha anu olemba nyimbo ya kwaya yopanda mawu ndi oyenera, ndipo njira yowathetsera ndi kuyamba popanda zida n'komwe. Reich mu 1972 analemba Clapping Music ya anthu awiri oomba m'manja basi. Kaombedwe kake kali ndi mabiti 12: kuomba katatu, kupuma kamodzi, kuomba kawiri, kupuma, kuomba kamodzi, kupuma, kuomba kawiri, kupuma. Woyamba amabwereza zomwezo osasintha mpaka kumapeto. Wachiwiri amayamba naye limodzi, koma akabwereza kangapo amasuntha kaombedweko ndi biti imodzi, n'kubwerezanso, n'kusunthanso, mpaka atasuntha ka 12 amapezeka wabwerera pamodzi ndi mnzake. Agaweni achinyamata anuwo awiriawiri ayesere zimenezi kwa masabata angapo musanawapatse noti iliyonse. Poyamba wachiwiri adzakokedwa ndi mnzake n'kugwera mwa iye, ndipo tsiku limene adzathe kuima pa mbali yake uku akumva ya mnzake, mudzakhala muli ndi kagulu koimba m'malo mwa ana anayi ogwira zida.

Mukafika polemba, tengani kachuni kafupi kamene anawo akukadziwa kale, kaya ka nyimbo yosinjira kapena yotonthozera mwana, ndipo mukagawe monga a Mbewe afotokozera za nyanga, vayolini woyamba atenge noti yoyamba ndi yachitatu, wachiwiri atenge yachiwiri ndi yachinayi, kuti chuni chituluke pakati pawo. Ophunzira vayolini savutika kwambiri ndi manotsi a nsambo zosadinidwa ndi chala, amene ndi G, D, A ndi E, choncho sankhani kiyi ya D kapena G kuti ambiri mwa manotsi awo agwere pamenepo, ndipo muwalole nthawi zina akodole ndi chala m'malo mwa uta, chifukwa liwu lake limayandikira la bangwe. Wa chitoliro mumupatse manotsi aatali oyandama pamwamba, koma mumusiyire malo opumira, pakuti mosiyana ndi kwaya alibe mnzake womubisa pamene akukoka mpweya. Pakhalenso chigawo chimene kiyibodi yakhala chete, ndi china chimene mtsikanayo waima yekha. Nyimbo ya mphindi zitatu ndi yokwanira pa chiyambi, ndipo muzipita nayo ku mayesero ili yosamaliza, kuti zimene zakanika pa zala za anawo muzisinthe pomwepo.

Kuti muone mmene ena amalembera, gulu la Kronos linakonza ntchito yotchedwa Fifty for the Future, mmene linapempha opeka 50 a m'mayiko osiyanasiyana, theka amayi theka abambo, kulemba nyimbo zophunzirira, ndipo manotsi ake pamodzi ndi zojambula zake zili pa intaneti kwaulere. Imodzi mwa izo ndi Sunjata's Time ya Fodé Lassana Diabaté, katswiri wokhala ku Mali woimba balafon, chida chofanana ndi ulimba wathu, ndipo m'nyimboyi chida chilichonse mwa zinayi chimapatsidwa chigawo chake chotsogolera. Sindikunena kuti ana anu aiimbe tsopano, popeza mulibe viyola ndi chelo, koma mutsitse mapepalawo, muwaike patsogolo panu uku mukumvera, ndipo zidzakuthandizaninso pa manotsi a sitafu amene mukuphunzirawo.

Mbewe wa ku Angónia analemba:

Ndingowonjezera kamodzi pa malangizo a a Gama, potsata zimene a Kwenda anadandaula. Mukatenga kachuni kwa gogo wina wa m'mudzi, mumufunse kaye, ndipo dzina lake ndi la mudzi wake mulilembe pamwamba pa pepala pafupi ndi lanu, pamodzi ndi chaka. Komanso mumujambule pa foni akuimba yekha musanasinthe kalikonse, chifukwa kiyibodi idzakankhira manotsi ake ena pamalo amene iye sawaika, ndipo anyamata a vayolini, amene zida zawo zilibe malire a makiyi, angathe kuphunzira kuwabwezera pamalo pake pomvera chojambulacho. Mukadzamaliza, mayi, mutitumizire kuno kuti nafenso timve.